Zimene mutu umachita wokha, ndi mayina amene anazipatsa

Munthu wanyamuka pabalaza kukatenga chinthu kuchipinda. Atangodutsa pakhomo waima njo, akukanda m'mutu, chimene wadzera chathawa. Ambiri zikatichitikira timati ndi ukalamba, ngakhale tili ndi zaka 25 zokha. Komatu kachitidwe kameneka kali ndi dzina, ndipo alipo amene anakafufuza. Gabriel Radvansky wa pa yunivesite ya Notre Dame ku America ndi anzake anatulutsa zotsatira zawo mu 2011. Ankapatsa anthu zinthu zoti anyamule osaziona, n'kuwayendetsa mtunda wofanana, ena m'chipinda chimodzi chomwecho, ena kudutsa pakhomo kulowa chipinda china. Odutsa pakhomo ndiwo ankaiwala kwambiri zimene anyamula. Radvansky anafotokoza kuti ubongo umadula zochitika m'zigawozigawo, ndipo munthu akalowa malo ena, ubongo umaona ngati chigawo chatha n'kuyamba kukonzekera chatsopano. M'Chingerezi amakatcha doorway effect, kunena kuti kuiwala kwa pakhomo.

Timachitidwe totere tilipo tambiri, ndipo vuto lake n'lakuti chinthu chopanda dzina munthu amachifotokoza ndi zimene ali nazo pafupi. Wina ati ndine waulesi, wina ati mutu wayamba kusokonekera, wina ati andilodza. Akamva kuti zomwezo zimachitikira anthu ku Tokyo ndi ku Nsanje komwe, mpaka zinalembedwa m'mabuku, mtima umakhala m'malo. Koma mayinawa si onse olemera mofanana. Ena ali ndi umboni wambiri kumbuyo kwake, ena umboni wake ndi wogwedera, ndipo ena anangopekedwa dzana.

Titenge vuto lija loti dzina la munthu lili pakamwa pompa koma likukana kutuluka. Nkhope mukuiona, mudzi wake mukuudziwa, mukukumbukanso kuti limayamba ndi M, koma chotuluka ndi "ujeni" basi. Mu 1966 Roger Brown ndi David McNeill a pa yunivesite ya Harvard ku America ankawerengera ophunzira matanthauzo a mawu osowa n'kuwafunsa mawuwo. Amene mawu anawakanirira pakamwa ankatha kulondola chilembo choyamba ndi utali wa mawuwo kuposa mmene munthu wongoganizira chabe angachitire. Izi zinasonyeza kuti tanthauzo la mawu ndi kamvekedwe kake sizisungidwa pamodzi: munthu angapeze chimodzi china n'kutsalira. Vutoli amalitcha tip of the tongue, ndipo limakonda mayina a anthu ndi malo. Limachuluka munthu akamakula, komanso kafukufuku wa Tamar Gollan ndi anzake anapeza kuti olankhula zinenero ziwiri limawagwira pafupipafupi kuposa a chinenero chimodzi. Amene amadzuka ndi Chiyao, kugula ndiwo m'Chichewa n'kukalemba lipoti m'Chingerezi asadabwe.

Achibale ake ndi awiri, onse a mayina a Chifalansa. Déjà vu ndi pamene mwafika malo achilendo kapena mukumva nkhani koyamba, koma mtima ukuumirira kuti izi zinachitikapo kale ndendende. Dzinali analigwiritsa ntchito Émile Boirac mu 1876, ndipo anthu pafupifupi awiri mwa atatu alionse amati zinawachitikirapo, makamaka achinyamata. Jamais vu ndi chosemphana chake: chinthu chimene mumachidziwa bwinobwino chisanduka chachilendo. Lembani mawu akuti "khomo" mobwerezabwereza papepala. Pasanathe nthawi muyamba kukayikira ngati amalembedwadi choncho. Chris Moulin ndi Akira O'Connor anayesa zimenezi pa ophunzira, ndipo mu 2023 iwo ndi anzawo analandira mphoto ya Ig Nobel, ija imaperekedwa kwa kafukufuku woseketsa koma wopatsa maganizo.

Kuiwala n'kochepa. Zimene zimasowetsa anthu mtendere kwambiri ndi zimene mutu ukukana kuzitaya.

Ku Berlin m'zaka za m'ma 1920, mphunzitsi wa za maganizo Kurt Lewin anaona kuti woperekera zakudya m'lesitilanti ankakumbuka bwino zimene tebulo lililonse laitanitsa malinga ngati sanalipire, koma akangolipira zonse zinkafufutika. Wophunzira wake Bluma Zeigarnik anakayesa nkhaniyi. Ankapatsa anthu tintchito tating'onoting'ono, tina n'kuwalola kumaliza, tina n'kuwadula pakati. Mu 1927 analemba kuti anthuwo ankakumbukira kwambiri tintchito tosamalizato, ndipo mpaka lero izi zimatchedwa ndi dzina lake, Zeigarnik effect. Ofufuza a pambuyo pake akhala akubwereza zoyesazi ndipo nthawi zambiri sapeza kusiyana kwakukulu ngati kumene iye anapeza. Chimene chimaoneka mobwerezabwereza ndi chimene mnzake Maria Ovsiankina analemba mu 1928, chakuti munthu akadulidwa pa ntchito amafunitsitsa kuibwerera ngakhale palibe womutuma. Opanga masewero a pa wailesi ndi pa kanema amadziwa bwino zimenezi, n'chifukwa chake gawo limathera pamene chitseko chikutseguka.

Pali phindu lake podziwa izi. Mu 2011 E. J. Masicampo ndi Roy Baumeister anapeza kuti ntchito yosamaliza imaleka kuzunguza mutu munthu akangokonza ndondomeko yeniyeni ya mmene adzaichitire, ngakhale asanaiyambe. Michael Scullin wa pa yunivesite ya Baylor anayesa anthu 57 mu 2018: amene anatha mphindi 5 asanagone akulemba zoti adzachite masiku akubwerawo anapeza tulo msanga, pafupifupi mphindi 9 patsogolo pa amene analemba zimene anamaliza kale. Mphindi 9 si zambiri, koma mtengo wake ndi pepala ndi cholembera basi.

Nanga bwanji osangodziuza kuti ndisaganizenso za chimenecho? Apa ndiye pali msampha weniweni. Daniel Wegner mu 1987 anauza ophunzira kuti kwa mphindi 5 azinena chilichonse chobwera m'mutu, koma asaganize za chimbalangondo choyera, ndipo chikangobwera aziliza belu. Belu linkalira koposa kamodzi pa mphindi iliyonse. Choposa apo, atawamasula kuti tsopano ganizani za chimbalangondocho, amene anayamba aletsedwa aja anachiganizira kwambiri kuposa amene sanaletsedwepo. Wegner anati munthu akafuna kupondereza ganizo, mbali ina ya ubongo imasakasaka zina zoti aganize, pomwe ina imakhala tcheru kuona ngati ganizo loletsedwalo labwerera. Yachiwiriyi ili ngati mlonda amene mwamupatsa chithunzi cha wakuba: kuti amuzindikire ayenera kumayang'ana chithunzicho usiku wonse. Mukatopa kapena mukapanikizika, mbali yosakasaka ija imafooka, mlonda yekha ndiye amatsala, chithunzi chili m'manja. Wegner anazitcha ironic process. N'chifukwa chake wodzikakamiza kugona ndiye amachezera, ndipo wodziuza kuti ndisaseke m'tchalitchi ndiye amaphulika pakati pa ulaliki. Malangizo aja timakonda kupatsa wosweka mtima akuti "ingomuiwala" ndi opanda ntchito pa chifukwa chomwechi.

Nyimbo yokakamira m'mutu imayenda njira yomweyo. Mwaimva m'minibasi m'mawa, simuikonda n'komwe, koma pofika madzulo mzere umodzi womwewo ukungozungulira. Ajeremani anaitcha Ohrwurm, kachilombo ka m'khutu, ndipo Angerezi anatengera pomwepo n'kumati earworm. Kuithamangitsa kumangoilimbitsa. Philip Beaman ndi anzake a pa yunivesite ya Reading ku Britain anapeza mu 2015 kuti kutafuna chingamu kumaichepetsa, chifukwa kuimba chamumtima kumadalira mbali za ubongo zimene zimayendetsanso nsagwada ndi lilime.

Dzina lina limene ndimalikonda ndi la Denis Diderot, wanzeru wa ku France wa m'zaka za m'ma 1700. Ali pa chakudya kunyumba ya nduna Jacques Necker, wina anamulasa ndi mawu iye n'kusowa choyankha, ndipo yankho labwino linamufikira atatsika kale masitepe. Kuchokera apo Afalansa amati l'esprit de l'escalier, nzeru za pa masitepe. Aliyense amene anakhalapo pa bwalo la amfumu kapena pamaso pa ankhoswe akuzidziwa: mfundo yothetsa mlandu imabwera muli pa njinga, mudzi mwausiya kumbuyo. Si kupusa. Mtima ukamagunda ndipo maso a anthu ali pa inu, nzeru zambiri zimathera pa kudziyang'anira, ndipo zimamasuka mukachoka pamalopo.

Za maso a anthuzo, timazikulitsa. Thomas Gilovich ndi anzake a pa yunivesite ya Cornell ku America anaveka ophunzira tisheti ya chithunzi cha woimba Barry Manilow, amene achinyamata a nthawiyo ankachita naye manyazi, n'kuwalowetsa m'chipinda mmene munali anzawo. Ovalawo ankaganiza kuti pafupifupi theka la anthu laiona tishetiyo. Amene anaionadi anali pafupifupi mmodzi mwa anayi. Zotsatirazi zinatuluka mu 2000 ndi dzina lakuti spotlight effect, kumva ngati nyali yonse yaunika inu nokha. Dontho la supu pa malaya, mawu amene munaphonya powerenga Mawu kutsogolo, nsapato yong'ambika pa ukwati: inu mudzazikumbuka chaka chamawa, pomwe enawo anali otanganidwa ndi madontho awo. Mu 2018 Erica Boothby ndi anzake anawonjezerapo china chimene anachitcha liking gap. Anthu awiri osadziwana akacheza, aliyense amachoka akuganiza kuti mnzakeyo sanasangalale naye kwenikweni, chonsecho onse awiri anasangalatsana kuposa mmene akuganizira.

Cholemera kuposa izi ndi chimene Pauline Clance ndi Suzanne Imes analemba mu 1978, atacheza ndi amayi oposa 150 ochita bwino pa maphunziro ndi pa ntchito. Amayiwa anali ndi madigiri ndi maudindo, koma mumtima ankakhulupirira kuti anangochita mwayi, kuti wina analakwitsa powasankha, ndipo tsiku lina adzagwidwa. Anachitcha impostor phenomenon. Pambuyo pake zinadziwika kuti abambo nawonso chimawagwira. Si matenda, ndipo sichipezeka m'mabuku a madokotala ngati matenda. Chimakonda munthu amene walowa malo kumene anthu onga iye ndi ochepa, monga mwana woyamba m'banja kufika ku yunivesite, kapena namwino amene wangoyamba ntchito ku Manchester. Ine ndimaona kuti dzinali limagwiritsidwa ntchito mopitirira, chifukwa nthawi zina munthu samadzikayikira yekha: amakhala kuti anthu a pamalopo akumusonyezadi kuti si wawo. Pamenepo chofunika kukonza ndi malowo.

China chimaoneka chachilendo mukachinena mokweza. Mayi waona khanda lonenepa la masaya ofutukuka, ndipo m'malo mongolisisita akukuta mano, afuna kulitsina, mpaka amvekere "ndikudya iwe!" Oriana Aragón ndi anzake a pa yunivesite ya Yale ku America analemba za zimenezi mu 2015 ndipo dzina lake ndi cute aggression. Ku Philippines anali nalo kale dzina m'Chitagalogi, gigil. Aragón anaziika m'gulu limodzi ndi kulira pa chisangalalo kapena kuseka pa mantha: chimene munthu akumva chikasefukira, thupi limatulutsa chizindikiro cha mbali inayo, mwina pofuna kubwezeretsa zinthu m'malo. Palibe cholinga chopweteka mwana.

Thupi nalo lili ndi zake. Foni yanjenjemera m'thumba, mwaitulutsa, palibe uthenga, mwinanso foniyo ili pa tebulo. Michelle Drouin anafunsa ophunzira 290 ku America mu 2012, ndipo 89 pa 100 alionse anati zinawachitikirapo. Amazitcha phantom vibration. Ubongo umene ukudikira uthenga umatenga kukhudza kwa nsalu kapena kugwedera kwa mnofu ngati foni, chifukwa kwa iwo kulakwitsa kotere n'kwabwino kusiyana ndi kuphonya uthenga weniweni. Pogona napo, tulo tikungoyamba, mumva ngati mwaponda m'dzenje ndipo thupi lonse lidzidzimuka. Imeneyo ndi hypnic jerk, ndipo anthu ambiri imawachitikira. Imachuluka munthu akatopa kwambiri, akamwa khofi kapena tiyi wambiri madzulo, kapena akakhala ndi nkhawa.

Koma chimene chimaopsa zenizeni, chimenenso chadanitsa anthu m'midzi, ndi ichi. Munthu wadzuka pakati pa usiku, maso ali otsegula, chipinda akuchiona, koma sangathe kusuntha ngakhale chala. Akufuna kukuwa, mawu sakutuluka. Pachifuwa pali cholemera, ndipo pakona kapena pakhomo pakuoneka kuti paima munthu. Kukacha nkhani imakhala yakuti afiti anabwera kudzamupanikiza, ndipo sipatenga nthawi kuti dzina la gogo wina litchulidwe. Ku Japan chomwechi amati kanashibari, kumangidwa ndi zitsulo. Ku Newfoundland, m'dziko la Canada, amati nkhalamba yaikazi yakukhalira pachifuwa. Ku Egypt ambiri amati ndi jini. Dziko lililonse limaikapo nkhope ya chimene limaopa, koma zochitikazo ndi zimodzimodzi, ndipo madokotala amazitcha sleep paralysis.

Mmene zimachitikira n'zodziwika bwino. M'gawo la tulo limene timalota kwambiri, ubongo umazimitsa minofu ya manja, miyendo ndi thunthu kuti tisachite zimene tikulota. Popanda zimenezi wolota akuthawa galu akanadzuka n'kukagunda khoma. Nthawi zina munthu amatsitsimuka minofu isanamasulidwe, ndipo maloto amapitirira maso ali otsegula, n'chifukwa chake amaona ndi kumva zinthu m'chipinda chenicheni. Kupuma sikuima, koma m'gawo limeneli kumakhala kosaya, ndipo munthu akayesa kukoka mpweya wambiri n'kulephera amamva ngati wina wamukhalira. Zimatha zokha pakapita masekondi kapena mphindi zochepa, ndipo wina akamugwedeza zimathera pomwepo. Brian Sharpless ndi Jacques Barber ataphatikiza kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana mu 2011 anapeza kuti anthu pafupifupi 8 pa 100 alionse zinawachitikirapo, koma pakati pa ophunzira chiwerengero chinali 28 pa 100. Ophunzira salodzedwa kuposa anthu ena. Amagona mochedwa, nthawi zosinthasintha, ali ndi nkhawa ya mayeso, ndipo zimenezi pamodzi ndi kugona chagada ndizo zimaitana vutoli.

Tsono si dzina lililonse lomveka mwaukatswiri limene lili ndi kafukufuku kumbuyo. Mawu akuti sonder, onena za kuzindikira mwadzidzidzi kuti aliyense wodutsa pamsewu ali ndi moyo wodzaza ngati wanu, anawapeka wolemba wina wa ku America, John Koenig, ndipo iye sabisa kuti anachita kupeka. Ndi mawu okoma, koma si sayansi. Ngakhale kuiwala kwa pakhomo kuja, ofufuza a ku Australia atakuyesanso mu 2021 anapeza kuti khomo palokha silikwanira: kumaoneka makamaka pamene mutu wadzaza kale ndi zina. Choipa kwambiri ndi chizolowezi chotola mayina a matenda enieni n'kumadzipachika. Wokonda kusesa pakhomo ayamba kunena kuti ali ndi OCD, matenda okakamiza munthu kubwerezabwereza chinthu chimodzi, pomwe wodwaladi matendawa amasamba m'manja mpaka khungu kusupuka, akudziwa kuti n'zopanda nzeru koma osatha kuleka.

Komabe kutchula chimene ukumva kuli ndi mphamvu yake, ndipo izi zinayesedwa. Matthew Lieberman wa pa yunivesite ya UCLA ku America mu 2007 ankaonetsa anthu zithunzi za nkhope zaukali ndi zamantha ali m'makina ojambula ubongo. Akasankha mawu ofotokoza chimene nkhopeyo ikusonyeza, kachigawo ka ubongo kotchedwa amygdala, kamene kamachenjeza za zoopsa, kankatsika mphamvu. Lisa Feldman Barrett ndi anzake apezanso kuti anthu amene amasiyanitsa bwino zimene akumva amadziwa msanga chochita nazo kuposa amene zonse amangoti "sindikumva bwino". Pamenepa sitifunika kubwereka. Nthumanzi si mantha wamba, msunamo si mkwiyo, mphwayi si ulesi, ndipo kaduka ndi nsanje siziluma mofanana. Amene wazindikira kuti chamugwira ndi mphwayi, osati kutopa, sataya nthawi n'kukagona.

Dzina limene lachita ntchito yaikulu koposa m'dera lathu lino silinachokere ku Harvard. Akatswiri a za maganizo ali ndi mawu akuti rumination, otengedwa ku kubzikula kwa ng'ombe, onena za kubwereza ganizo lopweteka lomwelo osafika pa chochita. Susan Nolen-Hoeksema anasonyeza kuti chizolowezi chimenechi chimatalikitsa ndi kukulitsa matenda a kukhumudwa. Ashona a ku Zimbabwe anali nalo kale dzina lake, kufungisisa, lomwe ndi kuganiza kwambiri kumene ifenso timanena tikamati "akudwala maganizo". Mu 2013 buku lalikulu la madokotala a matenda a maganizo ku America, DSM-5, linaika kufungisisa pa mndandanda wa mayina amene anthu a zikhalidwe zosiyanasiyana amafotokozera kuvutika kwa mumtima.

Dokotala wa ku Harare, Dixon Chibanda, anamangapo ntchito pa dzinali. Wodwala wake wina anadzipha chifukwa banja linasowa ndalama ya basi yobwerera naye kuchipatala, ndipo mu 2006 Chibanda anayamba kuphunzitsa agogo aakazi 14 ku Mbare, dera lina la mu Harare, kuti azikhala pa benchi panja pa chipatala n'kumacheza ndi anthu ovutika maganizo. Ntchitoyi imatchedwa Friendship Bench. Agogowo anakana mawu a m'mabuku, amene kwa anthu a kumeneko ankamveka ngati akunena za misala, ndipo anaika awoawo: kuvhura pfungwa, kutsegula maganizo, kusimudzira, kukweza, kusimbisa, kulimbikitsa. Pa kafukufuku wa anthu 573 amene anatuluka mu 2016 m'magazini ya madokotala ya JAMA, patatha miyezi 6 anthu pafupifupi 14 pa 100 alionse amene anakhala pa benchi anali akadali ndi zizindikiro za kukhumudwa, poyerekeza ndi 50 pa 100 mwa amene analandira chithandizo cha masiku onse pamodzi ndi kufotokozeredwa za matenda a maganizo. Njirayi yayesedwanso m'zipatala zina za ku Malawi.

Zimene gogoyo amachita si zachinsinsi. Sauza munthu kuti aleke kuganiza. Amamvetsera nkhani yonse, kenako amathandiza mwini wakeyo kutchula mavuto ake limodzilimodzi, kaya ndi lendi, fizi, mwamuna womenya kapena zotsatira za kuyezetsa magazi. Akatero, munthuyo amasankha yekha vuto limodzi loti ayambe nalo, ndipo awiriwo amagwirizana chimene achite asanakumanenso sabata yamawa. Amakumana kotere mpaka ka 6.